MBALE WOGONTHA PA TSIKU LA TSOKA

Tsoka likagwa pamudzi, mbiri yace iyenda ndi mau. Nyumba ikapsa tipfuula. Madzi akasefukira wailesi iticenjeza. Pofuna apolisi tiimba lamya pa 991, ndipo pofuna ozima moto pa 993. Koma taonani, abale, zonsezi zifuna khutu. Wogontha angathe kugona tulo pamene anzace alikuthawa.

Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kunatsegulidwa sukulu ya ana ogontha m'caka ca 1955. Kumeneko kwaoneka poyera kuti wogontha samva ndi khutu, koma azindikira bwino ndi maso. Cifukwa cace cenjezo lace liyenera kuoneka kapena kumkhudza pathupi. Konzani zinthu zinai izi tsoka lisanadze:

1. Sankhani mnansi amene adzathamangira kwa iye poyamba. Usiku kugogoda sikuthandiza. Alowe ndi nyali, namgwedeze paphewa.

2. Panganani naye zizindikiro za manja zonena moto, madzi, njoka ndi matenda. Ana omwe azidziwe.

3. Ngati ali ndi foni nadziwa kulemba, atumize uthenga wolemba kwa mbale wakumva, ndipo mbaleyo ndiye aitane thandizo.

4. Popita ku cipatala mperekezeni, atatenga kalata yonena dzina lace, mudzi wace ndi mankhwala amene amwa. Polankhula naye imani poyera, mumpenye kumaso, osapfuula; ndipo musamyankhire mau amene iye sananene.

Funso la phunziro: Pamudzi panu pali ogontha angati, ndipo adzawadzutsa ndani?