Seva Ikagwa, Funsani Fayilo ya vmcore

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa womvera wa ku Lilongwe amene amayang'anira maseva a Linux. Akuti: "Seva yathu inagwa usiku, kdump n'kulemba fayilo ya vmcore. Ndikaitsegula ndi pulogalamu ya crash, malo ena ikundiyankha kuti page excluded. Kodi fayiloyi yawonongeka?" Akatswiri, tithandizeni.

Katswiri: Mtima m'malo achimwene, fayiloyo ili bwinobwino. Kernel ikafa, kdump imadzutsa kernel ina yaing'ono imene inasungiridwa malo akeake mu memory. Yachiwiriyi imaona zonse zimene yakufayo yasiya kudzera pa /proc/vmcore. Tsono ngati seva ili ndi memory ya 256 GB, kukopera zonse n'kudzaza disiki, seva ili chiimire, anthu akudikira. N'chifukwa chake pulogalamu ya makedumpfile imasefa, ngati mayi wopeta mpunga, ndipo nambala imene mwaipatsa pa -d ndiyo imanena zotaya. 1 ndi masamba a ziro zokhazokha, 2 ndi 4 ndi za cache, 8 ndi zinthu za mapulogalamu a anthu ogwiritsa ntchito seva, 16 ndi masamba opanda ntchito. Muphatikize zonsezo mupeza 31, nambala imene Red Hat amaikiratu. Tsamba limene mukufunalo linatayidwa dala.

Wowulutsa: Apitiriza kufunsa kuti adziwa bwanji nambala imene inagwira ntchito tsiku limenelo. Akuti ayang'ana mu /etc/kdump.conf.

Katswiri: Apo ndiye ayi. Conf imakuuzani za lero. Mnzanu wa pa ntchito akhoza kukhala kuti anaisintha dzulo, komanso vmcore imayenda, lero ili pa seva iyi, mawa mwaitumiza kwa akatswiri akunja. Funsani fayilo yomweyo. Makedumpfile ikamalemba fayilo yofinyidwa, ija yoyamba ndi mawu akuti KDUMP, imasunga dump_level kumutu kwake. Mu crash lembani help -D, muona nambalayo pamodzi ndi mayina a zonse zimene zinachotsedwa. Ngakhale pongotsegula, crash imalemba PARTIAL DUMP pafupi ndi dzina la fayilo, kungoti ambiri maso amathamangira pa mzere wa PANIC.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti m'fayilomo muli mabitmap awiri. Ina imasonyeza masamba amene analipo mu memory, inayo imasonyeza amene analembedwa. N'chifukwa chake crash imatha kusiyanitsa tsamba lotayidwa ndi tsamba limene silinakhalepo n'komwe. Kwa wofufuza chimene chinagwetsa seva, kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa adiresi yoloza kumene kulibe memory ikhoza kukhala vuto lenilenilo.

Wowulutsa: Kalata ina yachokera kwa mayi wa ku Blantyre. Akuti akufuna kutumiza vmcore kwa kampani imene inawagulitsa mapulogalamu, koma akuopa kuti muli makiyi achinsinsi.

Katswiri: Mayi, mantha anuwo ndi oyenera. 31 imachotsa za mapulogalamu a anthu, koma zimene kernel inagwira m'manja mwake zimatsala. Lembani fayilo ya malamulo a erase, muitchule pa --config, ndipo pa -x muike vmlinux yokhala ndi debuginfo. Makedumpfile ifufuta malo amene mwatchulawo, kenako ilemba mndandanda wake m'fayilo yatsopanoyo. Mndandandawo umatchedwa eraseinfo. Wolandira akaona malo ofufutidwa adziwa kuti ndi dzanja lanu, sataya nthawi kusaka kachilombo komwe kulibe.

Wowulutsa: Nanga zosefedwazo zingabwerere?

Katswiri: Sizingatheke. Fayilo ya -d 1 mukhoza kuisefanso kufika pa 31, koma ya 31 simungaibweze mmbuyo. Ngati mukukayikira kuti pulogalamu ya munthu ndiyo ikuyambitsa vutoli, chotsani 8 pa nambalayo, muike 23, muyambitsenso kdump lero lomwe, seva isanagwenso. Mungoonetsetsa kuti disiki ili ndi malo, chifukwa fayiloyo ikula ndithu.

Wowulutsa: Tipumire kaye, tikabweranso tiwerenga kalata yochokera ku Chipata.