PHUNZIRO: MZINDA UMENE UNATSEGULA ZITSEKO ZA CHIPATALA CHA AMISALA

Kulibe mudzi kapena mzinda umene sudziwa matenda a maganizo. Pena ndi mnyamata amene wayamba kulankhula yekha. Pena ndi mai amene chibadwire cha mwana wake sadya, sagona, angokhala duu pakhonde. Kawirikawiri achibale, posowa chochita, amammanga wodwalayo ndi chingwe kapena kumtsekera m'nyumba. Ambiri sachita izi mwa nkhanza ai, koma chifukwa cha mantha ndi kutopa. M'phunziro la lero tiona mzinda wina wa ku Italy, dzina lake Trieste, kumene madotolo ndi anamwino anayesa njira ina. Tifuna kudziwa zinthu zitatu: momwe zinaliri kale, momwe antchitowo anasinthira ntchito yao, ndi chimene ife tingatolepo.

1. Momwe zinaliri kale

Trieste ndi mzinda wa pa doko, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, pafupi ndi malire a Slovenia, ndipo anthu ake ngokwana ngati 200,000. M'chaka cha 1908 anatsegula chipatala chachikulu cha amisala pa mtunda wotchedwa San Giovanni. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mzindawo unalowa m'manja mwa Italy, nuyamba kutsata lamulo la dzikolo la 1904. Lamulo limenelo linkati munthu woopsa kwa iye mwini kapena kwa anzake, ngakhalenso wochititsa manyazi pagulu, atsekeredwe. Akamlemba kuti ngwokhalitsa, ankataya ufulu wake monga mbadwa, ndipo ambiri ankatuluka pokhapokha atamwalira.

Ntchito ya namwino masiku amenewo inali ngati ya mlonda wa ndende. Ankayenda ndi mfungulo m'chiuno, kuwerenga odwala m'mawa ndi madzulo, kumanga pa kama amene wavuta. Mkhalidwe wotere unkaononga anthu a mbali zonse ziwiri, pakuti wodwala ankaiwala dzina ndi mudzi wake, namwino naye nkumaiwala kuti analembedwa ntchito yosamala munthu.

2. Dotolo Franco Basaglia

Franco Basaglia anabadwira ku Venice m'chaka cha 1924. Ali mnyamata anaikidwa m'ndende mu 1944 chifukwa chotsutsa ulamuliro wankhanza wa nthawi imeneyo. Motero atalowa koyamba m'chipatala cha amisala cha ku Gorizia mu 1961 monga mkulu wake, anaona msanga kuti malowo sasiyana ndi ndende. Analeka kumangitsa odwala, natsegula zipinda, nayambitsa misonkhano imene odwala, anamwino ndi madotolo ankakhala pamodzi, yense nkumanena zakukhosi.

M'chaka cha 1971 Michele Zanetti, mtsogoleri wa boma la chigawo cha Trieste, anamuitana kuti adzayang'anire chipatala cha San Giovanni. Anapezamo odwala pafupifupi 1,200, ambiri a iwo otsekeredwa mokakamiza. Basaglia anali atazindikira kale kuti kukongoletsa chipatala chotere sikukwanira, popeza munthu amene alibe nyumba, ntchito kapena bwenzi kunja kwa mpanda sangachire kwenikweni, ngakhale mankhwala amgwire bwanji. Choncho anatsimikiza kuti chipatalacho chitsekedwe pang'onopang'ono, ndi kuti antchito ndi ndalama zake zitsate odwala kumene akukhala mu mzinda.

3. Malipiro ndi kavalo

Zinthu ziwiri zinaonetsa anthu kuti nyengo yasintha. Choyamba ndi ichi: odwala ankasesa, kuchapa ndi kuphika m'chipatalamo popanda malipiro enieni, akuluakulu nkumati ntchitoyo ndiyo mankhwala. Mu 1972 anakhazikitsa bungwe lao la antchito, lotchedwa Cooperativa Lavoratori Uniti, kuti agwire ntchito yomweyo ndi kulandira malipiro monga wantchito wina aliyense.

Chachiwiri chinachitika mu 1973. Pachipatalapo panali kavalo wokalamba, dzina lake Marco, amene ankakoka ngolo ya zochapa, ndipo odwala anali atampempherera kwa akuluakulu kuti asaphedwe. Pomkumbukira, odwala pamodzi ndi amisiri Vittorio Basaglia ndi Giuliano Scabia anapanga kavalo wamkulu wa matabwa ndi mapepala, wa mtundu wa thambo, wotalika ngati mamita 4, namutcha Marco Cavallo. M'mimba mwake anaikamo zokhumba zao. Pofuna kumtulutsa anapeza kuti khomo lachepa, ndipo anachita kuliphwanya. Tsiku limenelo odwala mazanamazana, anamwino ndi madotolo anayenda naye m'miseu ya mzinda, anthu onse akuona.

Kuyambira 1975 anayamba kutsegula nyumba za chithandizo m'madera a mzinda. Pa 13 May 1978 nyumba ya malamulo ya Italy inavomereza Lamulo 180, lolamula kuti zipatala za amisala zitsekedwe pang'onopang'ono. Cha ku Trieste chinaleka ntchito mu 1980, chaka chomwe Basaglia anamwalira. Ndipo mu 1981 anakhazikitsa nthambi ya mzinda yoona za umoyo wa maganizo, motsogozedwa ndi dotolo Franco Rotelli.

4. Moyo wa antchito

Mu 2021 bungwe la umoyo la dziko lonse, WHO, linafotokoza ntchito ya ku Trieste monga chitsanzo kwa maiko ena. Nthawi imeneyo mzindawo unali ndi nyumba za chithandizo 4, zotsegula usana ndi usiku, iliyonse ndi makama owerengeka okha, ngati 6 kapena 8, ndiponso chipinda chimodzi chaching'ono m'chipatala chachikulu cholandirira odwala mwadzidzidzi. Malamulo a antchitowo, monga anakhazikika m'zaka zimenezo, ndi awa.

Chitseko chikhale chosakiya. Munthu angathe kubwera yekha popanda kalata ya dotolo, ndipo amlandire tsiku lomwelo kapena mawa lake. Wogona m'nyumbamo amutche mlendo, pakuti mlendo amabwera, nkupuma, nkubwerera kwao.

Wodwala asamangidwe. Akalusa kapena akafuna kuthawa, namwino akhale naye, ayende naye, akambe naye, ngakhale usiku wonse. Akatopa, mnzake amlandire. Kumanga munthu kumatha mphindi zochepa, pamene kukhala naye kumadya maola ambiri. Nchifukwa chake njira imeneyi ifuna antchito okwanira ndi odekha mtima.

Antchito asavale zovala zoyera zowasiyanitsa ndi odwala, ndipo chakudya cha masana adyere pamodzi nao. Tsiku ndi tsiku gulu lonse, dotolo, anamwino ndi alangizi, likhale pansi kukambirana za munthu aliyense amene ali pa vuto, kuti katundu asalemere mmodzi yekha. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Msonkhano umenewu uteteza wodwala, utetezanso wantchito, chifukwa namwino amene alibe pomtulira nkhawa zake sachedwa kuuma mtima.

Gawo lalikulu la ntchito lichitike kunja kwa nyumba ya chithandizo: kuyendera odwala kwao, kupereka mankhwala, kuyanjanitsa wodwala ndi anansi amene anayambana nao, kumperekeza kukafuna nyumba kapena ntchito. Gulu lomwelo limtsate munthu zaka ndi zaka, kuti tsiku la mavuto akumane ndi nkhope zodziwika.

5. Ntchito za pakati pa anthu

Antchito a ku Trieste anaona kuti umoyo wa maganizo umamera pamene pali nyumba, ntchito ndi ubale. Motero anathandiza kuyambitsa mabungwe ena a antchito, mmene odwala agwira ntchito limodzi ndi anthu ena: malo odyera otchedwa Il Posto delle Fragole, nyumba ya wailesi ya Radio Fragola, ndi nyumba yosokera ya Lister, imene imatola maambulera othyoka ndi mphepo yamkuntho ya mzindawo nkusoka zinthu zogulitsa. Bwalo la chipatala chakale analisandutsa munda wa anthu onse, wobzalidwa maluwa masauzande, ndipo m'nyumba zina zakale mukuphunzira ana a sukulu ya ukachenjede. Kuyambira 2005 anakulitsa ntchito yotchedwa Microaree: m'madera osauka anaikamo wantchito wodziwa khomo lililonse, kuti nkhalamba yokhala yokha kapena banja losowa lionedwe vuto lisanakule.

6. Zovuta zake

Tisaganize kuti zonsezi zinayenda myaa. Anamwino ena akale anachita mantha, poona kuti mfungulo zimene ankadalira zawachoka. Mu 1972 wodwala wina amene anali atabwerera kwao anapha makolo ake. Basaglia anaimbidwa mlandu, ngakhale pambuyo pake bwalo linampeza wosalakwa. M'zigawo zina za Italy anatseka zipatala osamanga nyumba za chithandizo zokwanira, ndipo mtolo wonse unagwera mabanja. Mu 2021 madotolo a maiko ambiri analemba madandaulo, poopa kuti kusintha kumene boma la chigawo linkafuna kudzafooketsa ntchitoyo. Apa tiona kuti kutsegula chitseko nkosakwanira pakokha: pafunika anthu oima pakhomopo kumlandira wotulukayo, ndipo pafunika ndalama zowasunga anthuwo pa ntchito.

7. Chimene tingatolepo

Ife tilibe chuma cha Trieste, koma zina mwa nzeru zake sizifuna ndalama. Choyamba, matenda a maganizo ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala. Wodwala apite naye msanga kuchipatala cha boma, kumene angamthandize kapena kumtumiza ku Zomba, ngakhalenso kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chachiwiri, wobwerera kuchokera kuchipatala asasalidwe. Mumpatse khasu, mumpatse mpando pa msonkhano, mumuitane ndi dzina lake, ndipo mumkumbutse mankhwala ake mwaulemu, chifukwa ambiri amadwalanso akaleka kumwa. Chachitatu, mverani zonena zake. Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo. Chachinai, kumbukirani osamala odwala. Mai amene wakhala maso sabata yonse ndi mwana wake wodwala afuna womlandira, monga momwe namwino wa ku Trieste alandirana ndi mnzake.

Inu aphunzitsi, amene mudziwa khomo lililonse la m'dera lanu, ndinu oyamba kuona banja limene labisa wodwala kuseri kwa nyumba. Musalidzudzule pagulu, pitani mukakhale nalo pansi, ndipo mupeze anthu awiri kapena atatu okhulupirika oti azisinthana poliyendera.

Mafunso okambirana

1. Kodi ntchito ya namwino inasintha bwanji chipatala cha San Giovanni chitatsekedwa?
2. Nchifukwa ninji antchito a ku Trieste ayesa nyumba ndi ntchito ngati mbali ya mankhwala?
3. Nchiani chinachitika kumene anatseka zipatala osakonza chithandizo china?
4. M'dera lathu lino, ndani akusamala wodwala maganizo yekhayekha, ndipo ndani mwa ife adzamlandira sabata ino?