NYALI ZA GASI

Dzuŵa likaloŵa, ntchito zambiri zimaima. Mlimi amaŵeruka kumunda, mwini sitolo amatseka chitseko, ndipo mwana wa sukulu amalephera kuŵerenga ngati m'nyumba mulibe nyali. Vuto limeneli ndi lakalekale. Zaka 250 zapitazo, ngakhale ku Ulaya kunalibe magetsi. Anthu ankaunikira makandulo kapena nyali za mafuta a anamgumi. Makandulo abwino anali okwera mtengo, kotero osauka ankangogona kukada. Miseu ya m'mizinda inali yamdima, ndipo mbala zinkavutitsa anthu oyenda usiku.

Munthu amene anathandiza kuthetsa vutoli ndi William Murdoch. Iye anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1754. Ali ndi zaka 23, anayenda pansi ulendo wautali kupita ku Birmingham kukafuna ntchito kwa Matthew Boulton ndi James Watt, amene ankapanga makina oyendera nthunzi. Atamulemba ntchito, anamutumiza ku Cornwall kuti azikayang'anira makina opopa madzi m'migodi.

Murdoch anali munthu wachidwi. Ankadziŵa kuti malasha akatenthedwa m'chitsulo chotseka bwino, sayaka moto, koma amatulutsa mpweya umene umayaka. Mpweya umenewu ndiwo umatchedwa gasi. Usiku uliwonse akaŵeruka, ankayesa njira zosiyanasiyana zousungira ndi kuuyendetsa m'mipope. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Cha m'ma 1792, iye anakwanitsa kuunikira nyumba yake ya m'tauni ya Redruth ndi nyali za gasi.

Eni mafakitale ndiwo anayamba kuona phindu la nzeru imeneyi. Kuyambira m'chaka cha 1805, nyali za gasi zinaikidwa m'fakitale yaikulu ya thonje ya Philips ndi Lee, pafupi ndi mzinda wa Manchester. Murdoch ataŵerengera, anapeza kuti ndalama zolipirira gasi sizinkafika ngakhale theka la ndalama zogulira makandulo. Koma panali chinthu china chomvetsa chisoni. Popeza m'mafakitale munkaŵala ngakhale usiku, antchito ambiri, kuphatikizapo ana, ankagwira ntchito maola ochuluka kwambiri.

M'chaka cha 1807, Frederick Winsor, wochokera ku Germany, anayatsa nyali za gasi mu mseu wa Pall Mall ku London. Mu 1812 munakhazikitsidwa kampani yogulitsa gasi mumzindawo. Mipope inakwiriridwa pansi pa miseu, kuchokera ku fakitale ya gasi mpaka ku masitolo ndi ku nyumba za anthu. Madzulo alionse kunkadutsa munthu wonyamula makwerero kapena ndodo yaitali, kuyatsa nyali imodziimodzi. M'maŵa ankabweranso kudzazimitsa.

Komabe anthu a m'matauni aang'ono ndi a kumidzi anatsalira. Kumanga fakitale ya gasi ndi kukumba ngalande za mipope kunkafuna ndalama zambiri. Pamalo pamene panali nyumba zoŵerengeka, ogula gasi anali ochepa, ndipo ndalamazo sizikanabwerera. Choncho iwo anapitiriza kuunikira makandulo, ndipo pambuyo pake nyali za palafini.

Thandizo lao linafika m'chaka cha 1892. Thomas Willson, wa ku Canada, ankagwira ntchito ku Spray m'dziko la America. Iye anatentha laimu pamodzi ndi phula la malasha m'ng'anjo ya magetsi, ndipo munatuluka miyala yotuŵa yotchedwa kabaidi. Mwala umenewu ukakhudzana ndi madzi, umachita thovu ndi kutulutsa gasi wotchedwa asetilini. Gasi ameneyu amayaka ndi laŵi loyera ndiponso loŵala kwambiri.

Ubwino wa kabaidi unali wakuti ankatha kunyamulidwa m'zitini kupita kulikonse. Nyali yake inali ndi zipinda ziŵiri. Chapamwamba chinkakhala ndi madzi, chapansi chinkakhala ndi kabaidi. Madzi ankadontha pang'onopang'ono, ndipo gasi ankatulukira pa kaboo kakang'ono pamene ankayatsapo. Munthu akafuna kuŵala kwambiri, ankaonjezera madontho a madzi. Mabanja, masitolo, mahotela ndi matchalitchi ankagula makina aakulupo opangira gasiyu, n'kuyala mipope m'zipinda zonse. Matauni ena aang'ono ankagula makina amodzi ounikira miseu yao yonse. Nyali za kabaidi zinkaikidwanso pa njinga ndi pa galimoto zoyamba. Zinkagwiranso ntchito m'migodi ya golide ya ku Joni, kumene amuna ambiri a dziko lino ankapita.

Gasi ndi wothandiza, koma amafuna kusamala. Gasi wa malasha anali ndi poizoni, ndipo akamatuluka pa mpope woboka m'chipinda chotseka, ankatha kupha anthu ali m'tulo. Asetilini nayenso akadzaza m'nyumba, kamoto kakang'ono kokha kankatha kuphulitsa nyumbayo. N'chifukwa chake kabaidi ankasungidwa pamalo pouma, ndipo anthu ochenjera ankaika makina ake kunja kwa nyumba.

Mu 1879 Thomas Edison anapanga babu la magetsi lokhalitsa. Magetsi atafalikira, nyali za gasi zinayamba kuchepa, ngakhale kuti zina zikuyakabe m'miseu ina ya ku London mpaka lero. Asetilini akugwirabe ntchito kwa amisiri oŵotcherera ndi kudula zitsulo. Masiku ano mabanja ambiri okhala kutali ndi mawaya a magetsi akugwiritsa ntchito nyali zoyendera mphamvu ya dzuŵa. Nyali zimenezi zikuthetsa vuto lomwe lija limene kabaidi anathetsa kale: kupereka kuŵala kotsika mtengo kwa anthu okhala kutali ndi mizinda.

Mafunso

1. Kodi anthu a ku Ulaya ankaunikira chiyani nyali za gasi zisanabwere?
2. Kodi William Murdoch ankapanga bwanji gasi?
3. Tchulani ubwino umodzi ndi kuipa kumodzi kwa nyali za gasi m'mafakitale.
4. N'chifukwa chiyani matauni aang'ono sankatha kumanga mafakitale a gasi?
5. Fotokozani mmene nyali ya kabaidi inkagwirira ntchito.
6. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukutanthauza chiyani?

Ntchito

1. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: malasha, mpope, ng'anjo, laŵi, kudontha.
2. Funsani agogo anu kapena munthu wina wachikulire za mmene ankaunikira m'nyumba ali mwana. Lembani ndime ziŵiri za zimene akuuzani.