Phunziro la Mwezi Uno: Kukaona Mbalame ku Nyanja ya Chilwa

Amayi anzathu, ambiri a ife timaidziwa Chilwa chifukwa cha matemba, makumba ndi mpunga. Koma nyanjayi, yomwe ili m'maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga, ndi mudzi waukulu wa mbalame za m'madzi. M'chaka cha 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa pangano la Ramsar, lomwe mayiko anagwirizana ku Iran mu 1971 pofuna kusamala madambo. Dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire linalowa mu 2017.

Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathiramo, koma madzi amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018.

Tikafuna kukaona mbalame tifike pa doko la Kachulu m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Tivale zovala zosawala, ndipo nyimbo zathu tizisungire m'basi, pakuti mbalame sizifuna phokoso. Tidzaona akakowa, atsekwe, abakha a m'madzi, mwinanso vuwo ndi nkhwazi. Nyengo ya dzinja kumabweranso timbalame tothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo timabwerera kwao cha m'Marichi kapena Epulo. Kambalame kokwana m'dzanja kamayenda mtunda umene ife sitinayendepo ngakhale pa ndege!

Apa pali nkhani yoti tiiganizire bwino. Nsomba zikasowa, mabanja a m'mbali mwa nyanja amatembenukira ku mbalame. Amazitchera ndi misampha ndi ulimbo, ena amaziwombera, n'kumadya kapena kugulitsa zootcha m'misika. Sitinganyoze mayi amene wapatsa mwana wake ndiwo yotere m'chaka cha njala. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinawaona ana otupa miyendo chifukwa chosowa chakudya chomanga thupi, ndipo sitiiwala. Chomwe chimapha dambo ndi kugwira mbalame pa nyengo yoswana, kutola mazira m'zisa, ndi kutentha bango ndi udzu momwe zimaikira. Make akagwidwa ali pa mazira, chisa chonse chatha, ndipo chaka chamawa msampha womwewo udzagona wopanda kanthu. M'midzi ina alenje eni ake anapanga magulu ndi kupatula malo osatcherapo. Ogula ndife, choncho tisanatulutse ndalama pamsika tizifunsa kuti ndi mbalame yanji ndipo yagwidwa liti.

Za umoyo tisazitaye. Madzi odikha a m'dambo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu, osati pakamwa pokha ayi. Tisalole ana kusamba kapena kuponda m'madzimo. Wina akaona magazi mu mkodzo patapita masabata angapo, apite kuchipatala, mankhwala ake alipo otchedwa praziquantel. Kolera yakhala ikuvuta kawirikawiri pakati pa asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja, choncho titenge madzi akumwa athuathu, owiritsa kapena othira klorini, ndi sopo wosambira m'manja. Ngati tigona komweko, aliyense anyamule neti yake. Ndipo pokwera bwato lopita ku chilumba cha Chisi tiwerengane, tisadzazane. Otsala adikire ulendo wachiwiri.