Dokotala ndi Wogaŵa Mankhwala Amagwirira Ntchito Pamodzi

Wodwala woyendera, amene amalandira chithandizo ndi kubwerera kwawo tsiku lomwelo, amaonana ndi anthu aŵiri. Woyamba ndi dokotala, amene amamupima ndi kulemba mankhwala m'kabuku ka kuchipatala. Wachiŵiri ndi wogaŵa mankhwala, amene amakhala pazenera. Ambiri amayesa kuti ntchito ya wachiŵiriyu ndi kuŵerenga mapiritsi chabe. Koma mutu umodzi susenza denga. Iyeyu ndiye amatsimikiza kuti zolembedwazo n'zoyenera, wodwala asananyamuke.

Chitsanzo ndi malungo. Kuyambira m'chaka cha 2007, mankhwala oyamba ochizira malungo m'Malaŵi ndi LA, amene adaloŵa m'malo mwa Fansidar. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatsata kulemera kwa wodwala. Mwana wa makilogalamu 10 amamwa piritsi limodzi nthaŵi iliyonse, pamene munthu wa makilogalamu 35 kapena kuposerapo amamwa anayi. Wogaŵa mankhwala akaona kuti mapiritsi olembedwa sakugwirizana ndi sikelo ya mwana, sasintha yekha ayi, koma amabwerera kwa dokotala kuti akambirane. Chimodzimodzinso ngati mankhwala olembedwawo atha, aŵiriŵa amagwirizana za ena oloŵa m'malo mwake.

Palinso mankhwala amene sayanjana m'thupi. Rifampicin, wochizira chifuŵa chachikulu, amafooketsa mapiritsi olera ndiponso LA. Anthu ena amatupa kapena kutuluka nsungu akamwa Bactrim kapena penicillin. Dokotala ndi wogaŵa mankhwala angathe kupeŵa ngozi zotere pokhapokha atauzidwa zoona.

Tsono wodwala nayenso ali ndi mbali yake:

1. Abwere ndi kabuku kake nthaŵi zonse, asabwereke ka mnzake.
2. Atchule mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba ndi ogula kugolosale.
3. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene msanga.
4. Asachoke pazenera asanamvetse kamwedwe kake. LA amamwedwa kaŵiri patsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi chakudya, ndipo ayenera kutha onse ngakhale thupi litayamba kupeza bwino.

Wodwala akabwezedwa kwa dokotala kuchokera pazenera, asadandaule kuti akumuchedwetsa. Kudikira kwa kanthaŵi kochepako kumamuteteza ku mankhwala olakwika, amene akadamuvulaza ali kumudzi, kutali ndi chipatala.