Injini ya Boti Ikakana Kulira

Pa madooko a Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Mangochi ndi Monkey Bay kufikira ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi pa chilumba cha Likoma, asodzi ambiri ayenda ndi maboti a injini. Injini ifupikitsa ulendo wopita kumene kuli usipa ndi utaka, nifikitsa nsomba kumtunda zisanaonongeke. Koma aliyense wokhala kunyanja anaonapo munthu ali chiimire m'boti madzulo, kukoka chingwe thukuta lili kamukamu, anzake atapita kale ndi nyali zawo. Zoterezi zikachitika pa dooko, munthu ataya nsomba za usiku umodzi. Zikachitika pakati pa nyanja m'miyezi ya mwera, monga June ndi July, mwina ataya ndi moyo womwe.

Injini isowa zinthu zitatu kuti ilire: petulo wabwino wosakanizika ndi mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza petuloyo. Ikakana, ndiye kuti chimodzi mwa zitatuzi chasowa. Cholakwa cha ambiri ndicho kuthamangira sipanala ndi kumasula kabureta, pamene kawirikawiri chovuta chili kunja, poonekera. Msodzi ayambe ndi zimene sizifuna chida.

Ayang'ane kachingwe kofiira kozimitsira injini. Kapulasitiki kake kakachoka pa batani, moto sufika ku pulagi, ngakhale munthu akoke mpaka mawa. Giya nayonso ikhale pa nyutulo, pakuti injini zambiri anazipanga kuti chingwe chisakokeke giya italowa.

Tsono apite ku thanki. Pa chivundikiro chake pali kasikulu kolowetsa mpweya. Anthu akatseka ponyamula thanki kuchokera kunyumba, naiwala kukatsegula. Aliyense adziwa kuti chitini cha mkaka chobooledwa bowo limodzi sichitulutsa mkaka bwino. Thanki yotsekeka ichita chimodzimodzi. Chizindikiro chake nchakuti injini ilira kanthawi, nkuzima yokha. Atatsegula kasikulu, afinye kampira ka pa paipi kufikira kalimba. Ngati sikalimba, paipi yang'aluka ndi dzuwa, kapena sinalowe bwino polumikizira. Pa kampirako pali muvi, ndipo muviwo uloze ku injini.

Pali kogwirira kena kotchedwa choke, kamene kachepetsa mpweya kuti petulo achuluke. Ntchito yake ndi pa injini yozizira pokha, ndipo ikangolira kabwezedwe. Munthu akakoka choke pa injini yotentha, kapena akapitiriza kukoka chingwe choke ili chikokere, injini imwa petulo wopitirira muyeso. Fungo la petulo limveka, ndipo pulagi inyowa. Pamenepo abweze choke, adikire pang'ono, atsegule moto nakokenso. Ikakanabe, amasule mapulagi, awaumitse, nakoke chingwe kangapo kuti petulo wotsala atuluke.

Koma matenda aakulu a injini za kunyanja achokera ku petulo weniweniyo. Kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa m'Malawi asakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsala za nzimbe. Ethanol akoka chinyezi. Thanki ikasiyidwa pamvula, kapena ikakhala miyezi ili ndi petulo pang'ono, madzi asonkhana pansi pake, pamene paipi ikokera. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu nayenso ngwokayikitsa, pakuti palibe adziwa chimene chinali m'chigubumo kale. Kuyesa kwake nkosavuta. Athire pang'ono m'botolo loyera la galasi nalikhazike. Ngati muli madzi, aoneka pansi, petulo ali pamwamba. Petulo wotero achotsedwe yense, sefa ya mafuta itsukidwe, ndipo kasikulu ka pansi pa kabureta kamasulidwe kuti madzi otsalamo atuluke. Petulo wokhalitsa, amene wasintha mtundu ndi fungo, aumira ngati ulimbo m'timabowo ta kabureta. Chifukwa chake injini ikati isungidwe nthawi yaitali, nkwabwino kuchotsa paipi ili mkati molira, kuti imalize petulo wa mu kabureta.

Injini zambiri zazing'ono, monga za akavalo 15, zifuna oyilo wosakaniza mu petulo. Muyeso wofala ndiwo gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 100 pa malita 5, kapena theka la lita pa malita 25. Buku la injini linena muyeso wake weniweni, ndipo mphunzitsi wa pamudzi angathandize kuliwerenga ngati lili m'Chingerezi. Kuyesa ndi maso nkoipa. Oyilo akachuluka, utsi uchuluka ndipo pulagi ida, injini nivuta kulira. Akachepa, injini ilira bwinobwino, nanga nkudziwa bwanji kuti mkati ikupsa? Tsiku lina ingouma osatembenukanso. Oyilo wa galimoto sayenera, chifukwa asiya mwaye wambiri.

Mafuta akakhala bwino, otsala ndi mapulagi. Pulagi yabwino ioneka youma, ya mtundu wa mtedza wokazinga. Yakuda kapena yonyowa ipukutidwe. Poyesa moto, aibwezere pa waya wake, chitsulo chake chikhudze thupi la injini patali ndi bowo la pulagi, ndipo mnzake akoke chingwe. Moto wabwino uthetheka wabuluu. Agwire pa mphira pokha, ndipo thanki, fodya ndi nyali zikhale kutali, popeza nthunzi ya petulo sichedwa kuyaka. Pobwezera ayambe ndi zala, sipanala pambuyo, chifukwa mutu wa injini ngwa chitsulo chofewa ndipo mazinga ake akaphwanyika mtengo wake ngwaukulu. Mapulagi awiri atsopano, osungidwa m'kachitini kouma, asasowe m'boti.

Ngati pulagi yatsopano siionetsa moto, kapena chingwe chikokeka mopepuka kusiyana ndi kale, chovuta chili mkati. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Kumasula injini pamchenga kungoonjeza matenda.

Injini ikalira, msodzi aone ngati kamadzi kakutuluka kumbuyo kwake. Kakapanda kutuluka aizimitse msanga, pakuti siikuzizira. Asailize pamtunda popanda madzi, chifukwa kamphira kopopa madzi kapsa m'kanthawi kochepa. Injini imene yalira movutikira pa dooko izimitsidwe ndi kulizidwanso kawiri kapena katatu boti lisanachoke, ndipo nkhafi zokwanira anthu onse zilowe m'boti pamodzi ndi ukonde.