Nkhondo ya Pachiweniweni ya ku Mozambique: Kodi Adayatsa Moto Ndani?

Ambiri mwa inu amene mwayamba imvi mukumbukira zaka zija pamene anthu a ku Mozambique ankafika m'dziko muno, mitolo pamutu, ana kumsana, mapazi atatupa ndi ulendo. Pofika chaka cha 1992 othawa nkhondo adakwana ngati 1 miliyoni m'Malawi muno, ndipo m'boma la Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ena adakhala m'misasa monga wa ku Mankhokwe, ena adapatsidwa malo pakati pa abale awo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mulanje, pakuti malire a maiko sadadule chibale. Nkhondo imene adaithawayo idayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992, ndipo akuti idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, powerengera ndi amene adafa ndi njala ndi matenda obwera nayo.

M'phunziro lino tifuna kuona zimene akatswiri olemba mbiri apeza pa nkhondoyi: chimene chidaiyambitsa, m'mene idamenyedwera, ndi anthu amene adagwira mfuti. Tiona kuti akatswiriwo sagwirizana pa zonse, ndipo kusagwirizana kwawoko kuli ndi phunziro kwa ife. Tidekhe powerenga, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Zimene onse avomereza

Mozambique idalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi pa 25 Juni 1975, ndipo chipani cha Frelimo, motsogozedwa ndi Samora Machel, chidatenga boma popanda chipani china chopikisana nacho. Mu Malichi 1976 bomalo lidatseka malire ake ndi Rhodesia, dziko lolamulidwa ndi azungu ochepa, ndipo lidalola omenyera ufulu wa Zimbabwe kukhala ndi misasa m'dziko mwake. Pobwezera, akazitape a boma la Rhodesia adasonkhanitsa anthu a ku Mozambique amene adali ndi chidandaulo ndi Frelimo, nawapatsa zida ndi maphunziro a nkhondo. Gulu limeneli ndilo lidadziwika pambuyo pake ndi dzina lakuti Renamo. Mtsogoleri wake woyamba adali André Matsangaissa, amene kale adali msilikali wa Frelimo. Iye adaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979, ndipo Afonso Dhlakama adalowa m'malo mwake. Zimbabwe itapata ufulu mu 1980, asilikali a boma la tsankho la South Africa adalitenga gululo nalikulitsa. Pa zimenezi palibe mkangano, pakuti ngakhale Ken Flower, mkulu wa akazitape a Rhodesia, adavomera yekha m'buku lake kuti adatengapo mbali.

Mkangano uyambira apa: kodi gulu laling'ono lobadwira kunja lidakula bwanji kufikira kumenya nkhondo m'zigawo zonse za dziko lalikulu chotere?

Maganizo oyamba: moto udachokera kunja

Olemba ena, monga Joseph Hanlon ndi William Minter, adaona nkhondoyi ngati chiwembu cha South Africa chofuna kufooketsa maiko oyandikana nalo. Iwo ankati dzina lakuti nkhondo ya pachiweniweni silikwanira, popeza zida, mawayilesi olankhulirana ndi malangizo zinkachokera kwa adani akunja. Umboni wawo ndi wolemera. Pa 16 Malichi 1984 Machel ndi P. W. Botha adasaina pangano la ku Nkomati, m'mene South Africa idalonjeza kuleka kuthandiza Renamo. Koma mu Ogasiti 1985, pamene asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique adalanda likulu la Renamo lotchedwa Casa Banana ku Gorongosa, adapezako makalata oonetsa kuti asilikali a South Africa adapitiriza kutumiza zida mobisa pangano lija litasainidwa kale.

Olemba amenewa adaonetsanso kuti Renamo inkasankha zoti iononge: masukulu, zipatala zakumidzi, milatho, njanji ndi nthambo zamagetsi. Ife a ku Malawi tidazimva zimenezi m'thumba mwathu, pakuti njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekeka, katundu wathu adayamba kuzungulira njira zazitali ndi zodula. Mu 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, adafunsa othawa nkhondo pafupifupi 200 m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, ndipo adalemba kuti anthu wamba osachepera 100,000 ayenera kuti adaphedwa ndi Renamo.

Maganizo achiwiri: udzu udali wouma kale

Mu 1990 Mfalansa wina, Christian Geffray, adatulutsa buku limene lidagwedeza maganizo aja. Iye adachita kafukufuku m'boma la Erati, m'chigawo cha Nampula, nakhala pansi ndi anthu akumidzi. Sadakane kuti Renamo idabadwira ku Rhodesia, kapena kuti idachita nkhanza. Koma adafunsa chifukwa chimene midzi ina yathunthu idasamukira ku mbali ya zigawengazo mwa kufuna kwake. Yankho limene adapeza lidali m'machitidwe a boma lenilenilo. Frelimo, imene mu 1977 idalengeza kuti ikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, idachotsa mafumu pa mipando yawo poti adatumikira atsamunda. Idanyoza miyambo ya makolo niitcha umbuli. Idasonkhanitsa anthu m'midzi ikuluikulu yatsopano, kutali ndi minda yawo ndi manda a makolo awo, ndipo kawirikawiri pa nthaka ya fuko lina, kotero kuti amene dzulo adali eni dziko adasanduka opempha. Mipingo nayo idalandidwa masukulu ndi zipatala mu 1975, ndipo matchalitchi ambiri adatsekedwa m'zaka zotsatira. Renamo pofika idalonjeza kubwezera mafumu ndi kulola anthu kubwerera kumabwinja kwawo, ndipo ena adaikhulupirira, ngakhale pambuyo pake adapeza kuti mbuye watsopanoyo ankawalanda chakudya ndi kuwasenzetsa katundu.

Buku la Geffray lidatsutsidwanso. Ena, monga Bridget O'Laughlin, adati zochitika za m'boma limodzi sizingafotokoze dziko lonse. Kumwera, m'chigawo cha Gaza, kumene kudali midzi yatsopano yambiri, anthu adakhalabe kumbali ya Frelimo, ndipo Renamo inkafikako makamaka ngati mdani wodzapha ndi kufunkha. Chotero akatswiri a masiku ano, monga Michel Cahen ndi Eric Morier-Genoud, alimbikira kufufuza chigawo ndi chigawo, pakuti nkhondoyi idali ndi nkhope zosiyana ku Nampula, ku Zambezia, ku Tete ndi ku Inhambane. Ambiri tsopano avomereza kuti idayamba ngati chiwembu cha akunja, koma idasanduka nkhondo ya pachiweniweni yeniyeni pamene idapeza madandaulo a m'nyumba.

Kamenyedwe ka nkhondo

Amene afuna kuwerenga za magulu awiri aakulu a asilikali oyang'anizana pa bwalo limodzi sadzapeza zambiri m'mbiri imeneyi. Kulanda Casa Banana kudali kupambana kwakukulu, koma sikudathetse kanthu: mu Febuluwale 1986 Renamo idalitenganso likululo, ndipo asilikali a Zimbabwe adachita kubwerera kudzalilanda kachiwiri. Chaka chomwecho Renamo idalanda matauni ambiri a ku Zambezia ndi ku Tete, niononga mlatho waukulu wa njanji wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi. Ndi nthawi imeneyi pamene othawa nkhondo adayamba kukhamukira kuno mwaunyinji. Machel adaimba mlandu boma la Malawi kuti likulola Renamo kudutsa m'dziko muno, boma lathu lidakana, ndipo mu Seputembala 1986 iye pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adadza ku Blantyre kudzakambirana ndi Dr Banda. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi adatumizidwa kukalonda njanji ya ku Nacala.

Olemba mbiri aona kuti chimene mbali zonse ziwiri zinkalimbirana kwenikweni ndi anthu, chifukwa amene ali ndi anthu ali ndi chakudya, amtengatenga ndi anyamata a nkhondo. Boma linkagwira matauni ndi kusamutsira anthu kufupi ndi misasa ya asilikali. Renamo inkagwira tchire ndi kubisalira magalimoto m'misewu. Munthu wolima pakati pa awiriwa ankaganiziridwa ndi onse. Zoopsa zazikulu zidagwera anthu opanda zida, monga ku Homoine pa 18 Julaye 1987, kumene boma lidawerenga anthu 424 ophedwa tsiku limodzi, ena a iwo odwala m'chipatala. Boma ndi mboni zambiri zidaloza Renamo, ngakhale Renamo idakana.

Anthu wamba sadangokhala chete nthawi zonse. Cha mu 1989 ku Zambezia kudabuka gulu la Naparama, lotsogozedwa ndi Manuel António, amene ankatema anyamata mphini ponena kuti zipolopolo sizidzawalasa. Ndi mikondo ndi zikwanje zokha adathamangitsa Renamo m'madera ambiri, kufikira iye mwini adaphedwa mu Disembala 1991. Corinna Jentzsch, amene adafufuza gululi, aonetsa kuti lidakula chifukwa anthu adatopa ndi nkhondo imene mbali iliyonse idalephera kuipambana kapena kuwateteza.

Asilikaliwo adali yani?

Funso ili ndilo likhudza mtima koposa. Minter adafunsa anthu oposa 30 amene adali m'gulu la Renamo, napeza kuti pafupifupi onse adagwidwa mokakamiza, ena panjira, ena kumunda, ena kusukulu. Ankawatengera kutali ndi kwawo kuti asathawe, ndipo wogwidwa akuthawa ankaphedwa anzake akuona. Ana ambiri adaphunzitsidwa kupha asanathe msinkhu, ndipo atsikana adasandutsidwa akazi a asilikali. Boma nalo lidali ndi lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali, ndipo ambiri adatengedwa mosafuna, nakhala zaka zambiri ndi njala ndi malipiro osafika.

Koma Jessica Schafer, amene adacheza ndi asilikali akale m'chigawo cha Manica nkhondo itatha, adapeza chinthu china chowonjezera. Ambiri amene adalowa mokakamizidwa adafika poona akulu awo a nkhondo ngati atate, ndipo adayamba kukhulupirira kuti akumenyera chinthu cha phindu. Motero munthu mmodzi yemweyo adali wolakwiridwa ndiponso wolakwira ena. Alcinda Honwana adalemba za miyambo imene mabanja ankachita polandira ana obwera ku nkhondo: kuwasambitsa, kutentha zovala zawo za kutchire, ndi kuwabwezera pakati pa abale. Midzi idadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale atabwera ndi magazi m'manja.

Mtendere

Maepiskopi a ku Mozambique adalemba makalata m'zaka za m'ma 1980 opempha kuti boma ndi Renamo akambirane, pa nthawi imene mawu otere ankamveka ngati kugulitsa dziko. Zokambirana zidayamba ku Rome mu Julaye 1990 pa nyumba ya gulu la akhristu eni ake la Sant'Egidio. Amkhalapakati adali Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira. Pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Olemba mbiri akumbutsa kuti zinthu zina zidathandiza: tsankho linkagwa ku South Africa, Soviet Union idatha mu 1991, ndipo chilala cha 1992 chidafooketsa onse. Pa chisankho cha 1994 Chissano adapambana, koma Renamo idapata mipando 112 mwa 250, makamaka m'zigawo zapakati ndi ku Nampula. Ichi chidadabwitsa amene ankayesa kuti gululo lidalibe omutsata, ndipo chidalimbitsa mawu a Geffray. Madandaulo aja sadatheretu, pakuti mfuti zidalirakonso kuyambira 2013, kufikira pangano lina lidasainidwa mu Ogasiti 2019.

Phunziro lathu

Mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Amene anena za South Africa yokha aiwala mkulu uja adachotsedwa pa munda wa makolo ake. Amene anena za zolakwa za Frelimo zokha aiwala amene adapereka mfuti, ndi odwala aja a ku Homoine. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo woona mtima ayenera kuzisenza pamodzi. Mlendo adadza ndi muuni, koma udzu udauma chifukwa olamula sadamvere madandaulo a anthu awo. Inu aphunzitsi a mpingo, amene mumaitanidwa kukayanjanitsa mabanja ndi midzi, sungani ichi: chidandaulo chimene chatsekedwa pakamwa sichifa, chimadikira wodzachigwiritsa ntchito.

Mafunso okambirana pa limana

1. Fotokozani kusiyana kwa maganizo a Hanlon ndi Minter ndi maganizo a Geffray. Kodi mbali iliyonse ili ndi umboni wotani?
2. Chifukwa ninji kulanda Casa Banana sikudathetse nkhondo?
3. Mnyamata wogwidwa mokakamiza, napha anthu polamulidwa, mudzi umulandire bwanji pobwera? Nanga ofedwa aja tiwauze chiyani?
4. Funsani akuluakulu a kwanu zimene akumbukira za othawa nkhondo. Kodi adawalandira motani, ndipo adaphunzirapo chiyani?
5. Kodi m'mudzi mwanu kapena mu mpingo mwanu muli madandaulo amene sadamvedwe? Ndani angayambe kuwamvera?